Ntchito yathuyi imayambira pa ndowe za njovu

Achinyamata akamandifunsa za ntchito yoteteza nyama zakutchire ambiri amakhala akuganiza za yunifomu, mfuti paphewa ndi Land Cruiser ku Liwonde basi. Zimenezo zilipodi, a gemu amagona kutchire kuzula misampha ya waya ndipo ulemu wawo, koma mbali yanga ine ndi ya sayansi, ndipo musaseke, nthawi zambiri imayambira pa ndowe.

Mu 2002 ku Singapore anagwira kontena ya minyanga ya njovu yoposa matani 6, kontenayo itachokera konkuno ku Malawi. Nanga njovuzo zinaphedwera kuti? Katswiri wina wa ku University of Washington, Samuel Wasser, anali atatolera ndowe za njovu m'madera ambiri a Africa nkupanga ngati mapu a DNA, poti njovu za dera limodzi ndi pachibale, magazi ake amafanana. Atayeza minyanga ija nkuyerekeza ndi mapuwo zinapezeka kuti yambiri inali ya ku Zambia, ife tinali njira chabe yodutsira katundu. Ngakhale minyanga 781 imene inaotchedwa ku Mzuzu mu 2016 ija inalowa kuchokera ku Tanzania. Mukadziwa zimenezi mumasiya kungothamangitsa mlenje wa m'mudzi, mumayamba kufufuza mwini kontena.

Kale munthu ankagwidwa ndi minyanga, kulipira kachindapusa, madzulo ali kunyumba akudya nsima. Lamulo litasinthidwa mu 2017 chilango chinafika mpaka zaka 30 kundende. Koma lamulo palokha silimanga munthu, chimamanga ndi umboni, ndipo apa ndipamene timatuluka thukuta. Apolisi agwira thumba la mamba a ngaka, pafunika wina akaime mukhothi anene motsimikiza kuti awa ndi mamba a ngaka osati a chinthu china, anayeza ndani pa sikelo, anamata ndani thumbalo, linagona mu ofesi ya ndani usiku umenewo, ndipo loya wa woimbidwa mlandu akapeza kampata kamodzi kokha pamenepa mlandu wonse wagwa, miyezi ya ntchito yapita madzi. Mlandu wa Lin Yunhua, mzika ya ku China yemwe anagamulidwa zaka 14 konkuno mu 2021, sunali wa nyanga za chipembere zokha, munalinso kubisa gwero la ndalama, ndiye ngakhale wa akaunti ali ndi malo kuno.

Ngaka ndiyo imandimvetsa chisoni. Mamba akewo ndi keratin, chimodzimodzi zikhadabo zanuzo, palibe mankhwala mmenemo, koma anthu akuwafuna ku Asia moti mayiko atakumana ku Johannesburg mu 2016 analetseratu malonda ake onse odutsa malire. Ikapulumutsidwa yamoyo imakhala yafookeratu, masiku angapo ili m'thumba osamwa madzi. Simungaipatse phala ayi, imadya nyerere ndi chiswe basi, ndiye wina amayenda nayo kutchire tsiku ndi tsiku kuilondola pambuyo mpaka ikhute, kenako kuikweza pa sikelo. Imabereka mwana mmodzi pachaka, nchifukwa chake imodzi yokha timaivutikira choncho.

Za sukulu, pali LUANAR ku Bunda, Mzuni, komanso koleji ya zankhalango ndi nyama ku Dedza. Biology ikufunika inde koma masamu musawathawe, kuwerenga nyama ndi masamu okhaokha, kuphatikiza mapu a pa kompyuta omwe timati GIS. Ndisakunamizeni, mipata ndi yochepa, kuboma ku dipatimenti ya zamapaki salemba chaka chilichonse ndipo ntchito zambiri za m'mabungwe monga African Parks kapena Lilongwe Wildlife Trust zimadalira thandizo lakunja. Ambiri timayamba mongodzipereka. Wophunzira akabwera kwa ine tsiku loyamba sindimupatsa kamera, ndimamupatsa kope ndi pensulo, chifukwa inki ya bolopeni ikanyowa ndi mvula imafufutika.