Ngalande ya pa msika ndi miyendo imene idatsala kumunda

Chitulukireni lamulo la ufulu wa anthu aulumali mu 2024, nkhani ya rampa, njira yopanda masitepe yodutsa njinga za olumala, pa msika wa pa Ulongué ku Mozambique siikuzizira. Oyenda pa njinga za olumala akuti awatsegulire njira azikafika okha pa mbatatesi ndi pa usipa. Amabenchi akuti njirayo idutsa pa malo awo, pamene tikiti amadula tsiku ndi tsiku. Onse akunena zoona, koma mkanganowu udayamba kale.

Za nthawi ya Apwitikizi sindichedwapo. Tauniyi inkatchedwa Vila Coutinho, ndipo masitolo ankamangidwa ndi khonde lokwera, la masitepe, pothawa madzi ndi matope a dzinja la ku Angónia. Ena amaloza pomwepo kuti ndipo padalakwika. Ine ndimaona kuti masitepewo akungonamiziridwa. Amene amabweza munthu wa pa njinga lero ndi ngalande ndi timipata ta pakati pa mabenchi, zinthu zobwera pambuyo.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula m'ma 1980, midzi ya kuno idatsala mabwinja. Anthu adawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, malo ena kungodumpha msewu basi, ndipo Malawi idasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Pa 4 October 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama adasainirana mtendere ku Rome. Taonani mweziwo. October, nthawi yososa, mvula ili pafupi. Ambiri sadadikire malole a UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, adasenza akatundu nkubwerera wapansi kuti asaphonye kubzala. Koma m'tinjira, pa zitsime ndi m'minda yomera tchire munali mabomba okwirira. Ena adapulumuka nkhondo yonse ali ndi miyendo iwiri, nkudzautaya mwendo mtendere utabwera, khasu lili m'manja.

Zaka zomwezo ndi zimene msika udafufuma. Munthu wobwera chimanjamanja ankazika nsichi zinayi, kuyala thumba pamwamba, ndiye benchi limenelo. Mnzake nkutsamiritsa lake pomwepo. Mpata wosiya unali woti munthu adutse chammbali ndi dengu pamutu. Akuluakulu ena amati malo ankagawidwa mwadongosolo, ena amati wofika msanga ndiye ankatenga. Ukayenda mumsikamo nkuona mmene njira zake zidakhotera, umakhulupirira achiwiriwa.

Mapepala a boma amafotokoza bwino mbali yawo. Lamulo la nambala 53 la mu 2008 lidanena kale kuti malo a anthu onse azikhala ofikirika kwa aulumali. Mu 2012 Mozambique idavomereza pangano la United Nations la ufulu wawo. Pa 17 September 2015 dziko lidalengeza kuti mabomba odziwika onse achotsedwa, ntchito imene mabungwe ochotsa mabomba a HALO Trust ndi APOPO, a makoswe onunkhiza mabomba aja, adagwirako m'chigawo chino cha Tete. Amabenchi amati malamulowo ndi a nyumba zatsopano. Mmene ndimawamvera ine, msika nawo ndi malo a anthu onse.

Amalume anga ndi mmodzi wa amene adaponda bomba pobwerera. Njinga yawo ndi ya mateyala atatu, yopalasa ndi manja. Imachoka kumudzi, imakwera zitunda, koma ikafika pa ngalande imaima. Pali thabwa limodzi, lokwana phazi. Amatuma kamnyamata ndi mitikali m'manja, iwo nkutsala padzuwa. Tsiku lina mayi wa tomato, amene adakhala nawo kampu imodzi ku Dedza, adanyamula beseni lonse nkuwabweretsera.

"Sankhani nokha, achimwene, mwanayu amakutengerani wofewa."

Amalume adatembenuza tomato mmodzimmodzi, osafulumira. Atatha adafunsa mayiyo ngati angalole kusuntha benchi lake rampa ikamabwera. Iye adaseka, nati akayambe afunsa amene amadulitsa tikiti kuti amuika pati.