Kwaya imene inapulumutsa Fisk, ndi mkangano umene unabadwa pa mwambo wokapempha thandizo kunja

Ku America n'zozolowereka masiku ano kuona mkulu wa koleji akuchoka pasukulu pake ndi kagulu ka ophunzira, kukachita lendi holo mumzinda wina, n'kuitana anthu akufuna kwabwino komanso amene anaphunzirapo pasukulupo kuti adye limodzi, amve nyimbo, kenako apisepise m'matumba. Eni ake amati n'kulimbitsa ubale ndi anthu. Mwambowu unachokera kosiyanasiyana, koma pali sukulu imodzi imene inaulawa mokwanira, kukoma kwake ndi kuwawa kwake komwe. Sukuluyo ndi Fisk, ya mumzinda wa Nashville m'chigawo cha Tennessee.

Fisk inatsegulidwa mu Januwale 1866, ukapolo utangothetsedwa kumene m'malamulo a dzikolo mu 1865. Anaiyambitsa ndi a bungwe la American Missionary Association, ndipo dzina anatengera kwa Clinton B. Fisk, mkulu wa asilikali amene ankayang'anira za anthu omasulidwa ku Tennessee. Makalasi anali m'zinyumba zamatabwa zimene pa nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo zinali chipatala cha asilikali. Anthu anakhamukirako mazanamazana, ana a zaka 7 kukhala pabenchi limodzi ndi agogo a zaka 70, onse kufuna kudziwa kuwerenga. Koma matabwa aja anayamba kuwola, madenga kudontha, aphunzitsi kukhala miyezi osalandira malipiro. Pofika 1871 ngongole inali itafika m'khosi.

Nanga akanapempha kwa yani? Anthu akuda a ku Nashville ankaikonda sukuluyi, koma ambiri anali atangotuluka mu ukapolo manja ali m'khosi, opanda munda, opanda nyumba. Azungu amene anali ndi chuma mumzindamo ambiri sankafuna n'komwe kumva za munthu wakuda wophunzira. Thandizo linayenera kuchokera kutali basi.

Msungichuma wa sukuluyi, George L. White, anali mzungu wochokera ku New York, msilikali wakale, yemwenso ankaphunzitsa nyimbo. Iye ndiye anabwera ndi ganizo loti atenge ophunzira oimba bwino n'kukazungulira nawo m'matchalitchi a kumpoto. Akuluakulu a mishoni sanagwirizane nazo, poopa kuti ulendowo ukangowachititsa manyazi. White anaumirira. Pa 6 Okutobala 1871 ananyamuka ndi ophunzira 9, atakokolola pafupifupi ndalama zonse zimene zinatsala m'thumba la sukulu n'kuwonjezerapo zangongole.

Mayina awo ndi oyenera kuwatchula, chifukwa katundu yense anali pamitu pawo: Ella Sheppard, Jennie Jackson, Maggie Porter, Minnie Tate, Eliza Walker, Isaac Dickerson, Greene Evans, Benjamin Holmes ndi Thomas Rutling. Mwa iwo, 7 anabadwira mu ukapolo. Ella Sheppard, amene ankaimba piyano ndi kuthandiza kuphunzitsa anzake, anaomboledwa ndi bambo ake ali kamwana pa mtengo wa madola 350. Benjamin Holmes anaphunzira kuwerenga poyang'anitsitsa zikwangwani za masitolo ku Charleston pomwe ankatumidwa ndi telala amene ankamugwirira ntchito. Nthawi ina atatsekeredwa m'khola la akapolo oyembekeza kugulitsidwa, anapeza nyuzipepala n'kuwerengera anzake mokweza chilengezo cha Pulezidenti Lincoln chomasula akapolo. Mayi ake a Thomas Rutling anagulitsidwa iye ali wamng'ono, ndipo sanawaonenso.

Masabata oyamba anali ozunza. Anayambira ku Cincinnati n'kumakwera m'matauni a ku Ohio nyengo yozizira ikuyamba, ena a iwo alibe ngakhale chikhoti. Mahotela ankawabweza pakhomo akaona khungu lawo. Anthu ambiri kumpotoko anazolowera zisudzo zonyoza, zimene azungu ankadzipaka zakuda kumaso n'kumatsanzira anthu akuda moseketsa, choncho ena ankabwera kudzaseka n'kudabwa kupeza achinyamata ovala mwaulemu akuimba mwadongosolo. Chopereka cha usiku wina sichinkakwana n'kulipirira malo ogona. Chimene chimandikhudza ine pa masiku amenewo ndi ichi: ndalama zawo zoyamba zooneka, pafupifupi madola 50, anazipereka zonse kwa anthu amene anapsereredwa nyumba pa moto waukulu wa ku Chicago, womwe unabuka patangopita masiku awiri iwo atanyamuka. Anali opempha osauka, koma anaona kuti ena avutika kuposa iwo.

Poyamba sankaimba kwambiri nyimbo za makolo awo. Ankaimba nyimbo zachizungu zimene White anawaphunzitsa, pofuna kuonetsa kuti mwana wa kapolo akhoza kuchita chilichonse chimene mwana wa mzungu amachita. Nyimbo zauzimu za m'minda ya thonje ankaziona ngati za m'nyumba, zopatulika, zimene amayi awo ankaimba popemphera mobisa, komanso zokumbutsa moyo umene ankafuna kuuiwala. Koma anaona kuti akaimbako imodzi kapena ziwiri kumapeto, anthu ankakhala chete, ena kugwetsa misozi. Mu Novembala 1871 anapatsidwa mpata pang'ono pamsonkhano waukulu wa abusa a mipingo ya Congregational ku Oberlin, ndipo nyimbo zimenezi n'zimene zinawatsegulira makomo. M'masiku omwewo White anawapatsa dzina lakuti Jubilee Singers, potengera chaka chomasula akapolo cha pa Levitiko 25. Mu Disembala, mbusa wotchuka Henry Ward Beecher anawalandira m'tchalitchi chake cha Plymouth ku Brooklyn, n'kuuza mpingo wake wa anthu olemera kuti upereke. Amene anaonapo Pepa Sande mlendo wolemekezeka akayamba yekha kuponya m'mbale akudziwa mmene zimakhalira: ena onse amatsatira. Kuchokera pamenepo makalata owaitana anachuluka. Anaimbira Pulezidenti Ulysses Grant ku Washington mu 1872, ndipo anabwerera ku Nashville ndi madola 20,000.

Mu 1873 anawoloka nyanja. Ku London anawalandira ndi Lord Shaftesbury, anaimbira Mfumukazi Victoria, ndipo nduna yaikulu William Gladstone anawaitanira chakudya kunyumba kwake, pamene kwawo hotela wamba inkawakaniza mpando. Ku Scotland anaimba m'misonkhano yachitsitsimutso ya alaliki a ku America, Moody ndi Sankey. Apa nkhani yawo ikukhudzana ndi yathu. David Livingstone anamwalira chaka chomwecho cha 1873, ndipo mipingo ya ku Scotland imene inkadzaza mbale za oimba a Fisk ndi yomweyo imene inasonkha ndalama zoyambitsira mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876. Akuluakulu a Fisk anadziwa kumene mitima ya anthuwo inali, moti nyumba yachiwiri yaikulu ya pasukulupo, yomwe inatsegulidwa mu 1882, anaitcha Livingstone Missionary Hall, n'cholinga choti izisula amishoni opita ku Africa.

Maulendo onse pamodzi, mpaka 1878, anabweretsa madola pafupifupi 150,000. Ndalamazi zinagula malo atsopano pachitunda pomwe panali linga la asilikali, n'kumangira Jubilee Hall, nyumba yanjerwa yosanjikiza imene inatsegulidwa mu Januwale 1876 ndipo ilipobe mpaka lero.

Mtengo wake analipira ndi oimbawo. Ankaimba pafupifupi usiku uliwonse, kugona m'sitima, kudzuka n'kukaimbanso m'maholo ozizira. Anayamba kudwaladwala, mawu kusasa, ndipo panabuka mikangano ndi akuluakulu a sukulu pa nkhani ya malipiro ndi mpumulo. Benjamin Holmes anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1875. Mkazi wa White anamwalirira ku Glasgow ulendo uli mkati. Gululo linatha mu 1878 atatopa kotheratu ku Germany. Ambiri mwa oyamba aja sanamalize maphunziro awo pasukulu imene anaipulumutsa, chifukwa zaka zimene akanakhala m'kalasi anathera panjira. Rutling ndi Dickerson anangokhazikika ku Britain, osafunanso kubwerera ku tsankho la kwawo.

Sukulu zina zinatengera. Hampton ya ku Virginia inatumiza kwaya yake mu 1873 kukasaka ndalama zomangira Virginia Hall, ndipo mmodzi wa ophunzira a kumeneko, Orpheus McAdoo, ndi amene anafika ndi gulu lake la oimba ku South Africa mu 1890. Booker T. Washington, amene anayambitsa Tuskegee mu 1881, ankatha miyezi yambiri pachaka ali kumpoto, kugogoda m'maofesi a anthu achuma ndi kuyankhula m'maholo. Mpondamatiki Andrew Carnegie anapatsa Tuskegee madola 600,000 mu 1903, ndipo mu Januwale 1906 msonkhano wosonkhetsa ndalama za sukuluyi unachitikira ku Carnegie Hall ku New York, mlembi wotchuka Mark Twain ali mmodzi wa oyankhula.

Walira mvula walira matope. Amene wapereka zambiri amafunanso kuti mawu ake amveke, ndipo ambiri mwa anthu achumawo ankakonda sukulu yophunzitsa munthu wakuda ntchito zamanja ndi kufatsa kuposa yomuphunzitsa kufunsa mafunso. Nkhaniyi inaphulikira ku Fisk komweko. Fayette McKenzie, mzungu amene anakhala mkulu wa sukuluyi kuyambira 1915, anali pa kalikiliki wosonkhanitsa thumba la madola 1 miliyoni kuchokera ku mabungwe a Rockefeller ndi Carnegie komanso kwa azungu amalonda a ku Nashville. Pofuna kuwatsimikizira kuti Fisk si malo a anthu ovuta, anatseka nyuzipepala ya ophunzira, anathetsa bungwe lawo, anakana kuti pasukulupo pakhale nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, n'kuika malamulo okhwima a kavalidwe ndi kachezedwe. Kunja kwa mpanda, kwaya inkatumizidwa kukasangalatsa opereka thandizo m'malo osankhana mitundu.

W. E. B. Du Bois, mlembi womenyera ufulu wa anthu akuda, amene anamaliza maphunziro ake ku Fisk mu 1888, anabwera pasukulupo mu Juni 1924, mwana wake Yolande akumaliza, ndipo anadzudzula McKenzie pamaso pa anthu. Mwa zimene anamuneneza pa mkanganowu, chimene chinawawa anthu kwambiri chinali chakuti anatenga atsikana a kwaya usiku, kuwadutsitsa m'kanjira ka kuseri n'kuwalowetsa pakhomo la antchito kuti akaimbire azibambo achizungu amene ankasuta fodya ndi kuseka m'kalabu yawo. Ana a 1871 nawonso anakanizidwa makomo akumaso, koma owakaniza anali alendo. Apa wowalozera khomo lakuseri anali mkulu wa sukulu yawo yomwe, ndipo ine ndikuona kuti Du Bois sanalakwe kukwiya. Ndalama za McKenzie zinali zofunikadi, pakuti aphunzitsi sadya ulemu. Koma iye anayesa kuti anthu a ku Nashville ofunika kugwirizana nawo ndi okhawo okhala ndi macheke, n'kuiwala mabanja akuda oyandikana ndi sukulu, amene ana awo ndiwo ankadzaza makalasi.

Pa 4 Febuluwale 1925 ophunzira anachita zionetsero usiku, McKenzie n'kuitana apolisi achizungu a mumzinda, amene analowa m'nyumba yogona anyamata n'kumanga ena. Pamenepo anthu akuda a ku Nashville anadzuka. Anachita misonkhano m'matchalitchi, anathandiza ophunzira amene ananyanyala makalasi, ndipo omwe anaphunzirapo ku Fisk m'mizinda ina anaima nawo. Azungu amalonda anaikira kumbuyo McKenzie, koma sitalaka inapitirira kwa masabata ambiri, ndipo mu Epulo 1925 iye anatula pansi udindo. Anthu amene sankaitanidwa kumaphwando a opereka thandizo ndiwo anagamula nkhaniyo.

Vuto la ndalama silinathe. Pa nthawi ya kugwa kwa chuma m'ma 1930 ndi ya nkhondo yachiwiri, mphatso zikuluzikulu zinachepa, ndipo akuluakulu a makoleji a anthu akuda ankangopezana pamakomo a anthu achuma omwewo, aliyense ndi kwaya yake. M'zaka zimenezo Hastings Kamuzu Banda anali ku Nashville komweko, pasukulu ya udokotala ya Meharry yomwe inasamukira pafupi ndi Fisk mu 1931, ndipo anamaliza mu 1937. Mu 1943 Frederick D. Patterson, mkulu wa Tuskegee, analemba m'nyuzipepala ya Pittsburgh Courier kupempha anzake kuti aleke kupikisana, azipempha pamodzi n'kumagawana. Mu Epulo 1944 makoleji 27, Fisk ili momwemo, anakhazikitsa United Negro College Fund, ndipo chaka choyamba anasonkhanitsa madola oposa 750,000. Kapemphedwe kanasintha: kuwonjezera pa mabwana a makampani, makomiti a m'mizinda anayamba kufikira matchalitchi, magulu a amayi, aphunzitsi ndi antchito wamba, aliyense kuponya kangachepe kake.

Fisk inapeza mkulu wake woyamba wakuda, Charles S. Johnson, amene anasankhidwa mu 1946, patatha zaka 80 chitsegulireni sukuluyo. Kwaya ya Jubilee Singers ikuyendabe m'mizinda kuimira sukulu yake, ndipo mu 2021 inalandira mphoto yake yoyamba ya Grammy. Tsiku la 6 Okutobala amalisunga pasukulupo chaka chilichonse monga Jubilee Day: amachita mapemphero m'tchalitchi cha sukulu, kenako ophunzira ndi aphunzitsi amapita kumanda a mumzinda kukaika nkhata pa ziliza za ena mwa oimba oyamba aja amene anaikidwa ku Nashville.