Chinthu chosakokedwa ndi maginito sikuti chilibe mphamvu ya maginito

Ambiri tinakula tikukhulupirira kuti chinthu chikapanda kukokedwa ndi maginito, ndiye kuti mkati mwake mulibe chilichonse chokhudza mphamvuyi. Izi si zoona.

Elekitironi iliyonse, kachinthu kakang'ono kwambiri kopezeka mu atomu, ili ngati kamaginito kakang'ono, ndipo khalidweli akatswiri amalitcha spin. M'chitsulo, timaginitoti timagwirizana kuloza mbali imodzi, n'chifukwa chake chimakokedwa mwamphamvu. Koma mu manganese oxide, chinthu chopangidwa ndi maatomu a manganese ndi okosijeni, zinthu n'zosiyana. Ikazizira kufika pafupifupi madigiri -155 Celsius, ma spin ake amafola mwadongosolo ndithu, koma ena kuloza uku, ena uko. Mphamvu zawo zimathetsana, kunja osaoneka kanthu. Chimene chimawalumikiza ndi atomu ya okosijeni imene ili pakati pawo. Wasayansi Louis Néel anafotokoza za dongosolo lotere, ndipo mu 1949 wasayansi Clifford Shull ndi mnzake analiona pogwiritsa ntchito ma neutron, tizinthu tina ting'onoting'ono ta mu atomu. Mu nickel oxide, chopangidwa ndi nickel ndi okosijeni, dongosololi limakhalapobe mpaka kutentha kutafika madigiri pafupifupi 250.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi pamene maatomu atatu akhala m'makona atatu, aliyense akufuna kusiyana ndi anzake. Woyamba waloza kumwamba, wachiwiri pansi. Nanga wachitatu? Sangatsutsane ndi onse awiri nthawi imodzi. Vutoli amalitcha frustration. Mu herbertsmithite, mwala wopezeka ku Chile momwe maatomu a kopa amakhala m'makona atatu otere, ma spin a kopawo safola ngakhale kutazizira kuyandikira madigiri -273, komatu amakhudzana mwamphamvu. Wasayansi Philip Anderson anaganizira za mkhalidwe ngati umenewu mu 1973, ndipo lero umatchedwa spin liquid.