Wodwala mwakayakaya sadikira pamzere: uthenga kwa anthu a m'boma la Kasungu

Pa chipatala chachikulu cha Kasungu, monganso m'zipatala zina za boma, si nthawi zonse pamene wofika poyamba amayamba kuthandizidwa, chifukwa azaumoyo amayamba aona yemwe moyo wake uli pachiswe. Kwa ana pali ndondomeko yotchedwa ETAT, imene inayambira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo imagawa ana m'magulu atatu: ofunika thandizo nthawi yomweyo, ofunika kuonedwa msanga, ndi amene angathe kudikira. Choncho mukaona namwino akulowetsa mwana amene wangofika kumene, musaganize kuti pachitika zokondera.

Chomvetsa chisoni n'chakuti makolo ambiri, chifukwa cha ulemu, amakakhala phee kumapeto kwa benchi, mwana ali kumbuyo atamufunditsa chitenje mpaka kumutu, ndipo palibe amene angadziwe kuti mwanayo akubanika. Mukangofika, mtsitseni mwana, mvundukuleni, ndipo muuze wogwira ntchito aliyense amene mwakumana naye, ngakhale mlonda wa pageti, kuti mwana wadwalika. Kutero si mwano ayi.

Mwana amene akukomoka, amene walefuka moti sakudzuka pomugwedeza, amene akukanika kuyamwa kapena kumwa, ndiponso amene akusanza chilichonse, apite kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzinso mwana amene chifuwa chikulowa mkati popuma, amene zikhatho zake zayera chifukwa cha kuchepa kwa magazi, kapena amene maso ndi liwombo zalowa chifukwa chotsegula m'mimba. Malungo aakulu angathe kupha mwana m'tsiku limodzi lokha, ndiye mawu oti "tione m'mene kuchere" atayitsa ana ambiri amene akanachira. Mwana akamakomoka mugonekeni chammbali, ndipo musamulowetse supuni kapena chala mkamwa, kapena kumumwetsa kanthu, chifukwa angatsamwe. Wotsegula m'mimba amene akutha kumwa muzimupatsa Thanzi ORS pang'onopang'ono muli m'njira.

Kwa akuluakulu, kupotoka kwa kamwa, kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ndi kulephera kulankhula mwadzidzidzi ndi zizindikiro za sitiroko, osati kulodzedwa. Kupweteka kwambiri kwa pachifuwa, kubanika, komanso kutaya magazi kapena kukomoka kwa mayi woyembekezera, zonsezi sizifuna kuyamba mwaitanitsa achibale kuti mukambirane.

Pamsewu wa M1 ndi m'misewu ya kumidzi ngozi za njinga zamoto za kabaza zachuluka. Bala lotuluka magazi lipsinjeni mwamphamvu ndi nsalu yoyera osasiya, ndipo wovulala amene akudandaula khosi kapena msana musamupinde pomunyamula. Wopsa ndi moto kapena phala muthireni madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Mazira, mafuta ndi mankhwala otsukira mano zimangoipitsa bala. Wolumidwa ndi njoka musamutemere mphini kapena kumumanga chingwe chothina. Popeza kuno timalima fodya, m'nyumba zambiri muli mankhwala ophera tizilombo, ndiye munthu akamwa mankhwala otere musamusanzitse, koma tengani botolo kapena pepala lake mukaonetse dokotala.

Pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi chaching'ono cha m'dera lanu, cha St Andrew's ku Mtunthama kapena cha Nkhamenya. Kumeneko amayamba apereka thandizo loyamba asanatumize wodwala ku boma, ndipo matenda ofunika akatswiri amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100. Tengani kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala amene wodwala akumwa, koma ngati kabukuko sikakuoneka, nyamukani opanda iko. Ngati mukukayika, imbani nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni, 929, muli kale m'njira.