Kapusozi wothira m'madzi a nkhuku amakafika mpaka ku wodi ya ana

Dzuwa likayamba kuswa mtengo, chitopa chimalowa m'midzi. Nkhuku zimayamba kuodzera, mapiko pansi, zitosi zobiriwira, zina kupotoza khosi. Mwini khola amathamangira pagolosale, n'kugula makapusozi a amoxicillin kapena tetracycline, kuwatsegula n'kuthira ufa wake m'madzi a nkhuku. Ife a zaumoyo zimenezi zimatidetsa nkhawa kwambiri, ndipo nkhawa yathu siithera pa nkhuku zokha.

Chitopa chimayamba ndi vairasi, pomwe makapusozi amenewa, otchedwa maantibayotiki, ntchito yake ndi kupha mabakiteriya. Izi ndi tizilombo tosiyana kotheratu, moti nkhuku yodwala chitopa ingamwe makapusozi botolo lonse, vairasiyo sangagwedezeke. Chomwe chimateteza nkhuku ndi katemera, monga wa I-2 wodonthetsa m'diso uja, ndipo aziperekedwa matenda asanafike. Makapusoziwa sathandizanso pa chigodola cha nkhumba, komanso chimfine chimene anthufe timadwala nthawi yozizira: zonsezi ndi mavairasi.

Koma mankhwala aja salowa m'mimba n'kungokhala. M'matumbo mwa nkhuku, mwa ng'ombe ndi mwa munthu mumakhala mabakiteriya ochuluka zedi, ambiri osavulaza. Mankhwala akafika amapha ofooka, n'kutsala ochepa amene ali ndi njira yodzitetezera. Otsalawo amapeza malo ndi chakudya zili mbwee, ndipo amaswana mofulumira. Bakiteriya wotchedwa E. coli, zinthu zikamuyendera, amagawika pawiri pa mphindi 20 zokha. Choopsa china n'chakuti amatha kupatsira luso lodzitetezeralo kwa mabakiteriya a mtundu wina. Apa ndi pamene timati tizilombo tapima.

Odwala ambiri amati, "Adokotala, thupi langa linawazolowera mankhwala amenewa." Ayi ndithu, thupi silizolowera, amene amapima ndi mabakiteriya. N'chifukwa chake khanda la masiku atatu, loti silinalawepo mankhwala aliwonse, limatha kugwidwa ndi matenda osamva jakisoni. Tizilomboto tinapimira kwina, n'kudzalipeza.

Njira yake ndi yaifupi kuposa mmene timaganizira. Zitosi za nkhuku timathira kudimba ngati manyowa, mvula imazikokolera kuchitsime chosatetezedwa, ndipo mwana wokwawa pabwalo amazigwira n'kuika chala m'kamwa. Oweta nkhuku zachizungu ena amazimwetsa mankhwala kuyambira zili anapiye mpaka tsiku lokagulitsa, poopa kuti zingafe mpamba n'kulowa m'madzi. Chonsecho paketi iliyonse ya mankhwala a ziweto imanena masiku oyenera kudikira musanaphe chiwetocho, kudya mazira kapena kumwa mkaka wake. Ndi angati amawerenga pamenepo?

Vutoli lilibe malire a dziko. Mayiko a mu European Union analetsa mu 2006 kupatsa ziweto maantibayotiki pongofuna kuti zinenepe msanga. Mu 2015, akatswiri ku China anapeza mabakiteriya a m'nkhumba osamva colistin, mankhwala amene madokotala amasungira odwala oti ena onse akanika, ndipo posakhalitsa luso lomwelo linapezeka m'mayiko ambiri, mwa anthu ndi ziweto zomwe. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha, mabakiteriya osamva mankhwala anapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse, kuposa amene anafa ndi malungo kapena Edzi chaka chomwecho.

Kwathu kuno umboni ulipo. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala pa chipatala cha Gulupu mu Blantyre kuyambira mu 1998. Pa mabakiteriya a Klebsiella, amene amavuta kwambiri makanda, 12 okha pa 100 aliwonse ndi amene sankamva mankhwala a gulu la ceftriaxone mu 2003. Pofika 2016 anali 90 pa 100. Ceftriaxone ndi jakisoni amene zipatala zathu zimadalira munthu akabwera ali kayakaya, ndipo akakanika, mankhwala otsatira ndi odula komanso sapezeka wamba. Tayifodi nayo inabuka mwamphamvu mu Blantyre cha m'ma 2011 itapima ku ampicillin, chloramphenicol ndi Bactrim pakamodzi. Katemera wa tayifodi amene dziko lino linayamba kupereka kwa ana mu 2023 ndi wofunika pa chifukwa chimenechi: mwana amene sanadwale safuna mankhwala.

Sindikuloza chala mayi amene amagula makapusozi awiri pamsika. Chipatala chikakhala kutali, kapena akafikako n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, atani? Ifenso azachipatala tili ndi mbali yathu, pakuti nthawi zina timalemba amoxicillin kwa wodwala chimfine pongofuna kuti asabwerere chimanjamanja. Koma makapusozi awiri sachiza matenda. Amangotsitsa ululu pang'ono n'kusiya tizilombo tolimba tili moyo. Wodwala akapatsidwa mankhwala kuchipatala amwe monga wauzidwira, asasungeko ena a mawa, asagawireko mnansi, ndipo asathire otsala m'madzi a nkhuku. Amene ali ndi HIV ndipo anauzidwa kumwa Bactrim tsiku ndi tsiku asasiye chifukwa cha nkhani ino. Awo ndi malangizo a dokotala ndipo amawateteza.

Kwa oweta, ndalama ya makapusozi ndi bwino ipite ku katemera wa chitopa, miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Sesani m'khola, patulani nkhuku yodwala, ndipo yachilendo yochokera kumsika isasakanizidwe ndi zinzake tsiku lomwelo. Chiweto chikadwala funsani mlangizi wa ziweto musanagule kanthu. Akakupatsani oxytetracycline kapena mankhwala ena, mufunseni masiku odikira, muwalembe pakhoma la khola, ndipo mazira ndi mkaka wa masiku amenewo zisapite kumsika kapena m'phala la mwana.