Madzi osefukira si chilango cha machimo

Madzi akasefukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa, monga mu 2015 kapena pa namondwe wa Freddy mu 2023, ena amathamangira kunena kuti anthu akuchigwa achimwa, Mulungu akuwalanga. Zimandipweteka kumva mawu otere akunenedwa kwa mayi amene akugona pansi m'kalasi, chimanga chake chitakwiririka m'matope.

Yesu anakana maganizo amenewa. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nati sanali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu.

Madzi amasefukira chifukwa chigwa cha Shire n'chotsika. Mvula ya ku Mulanje ndi ku Thyolo imathira mumtsinje wa Ruo, mitengo yambiri kumtunda inadulidwa, mchenga wadzaza mitsinje. Ruo akakumana ndi Shire pa Chiromo, madzi amasowa kolowera, n'kusefukira m'midzi ya ku Makhanga.