Galu akakulumani ku Salima: mafunso ndi mayankho pa katemera wa chiwewe

Malangizo a zaumoyo pa chiwewe ndi achidule: tsukani bala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, malizani katemera, ndipo agalu azibayidwa chaka chilichonse. Koma kuyambira ku Chipoka mpaka ku Khombedza, ambiri amadabwa kuti changu chonsechi n'chachiyani munthu asakumva kupweteka.

Bala ndi laling'ono, ndipo ndili bwinobwino. Ndithamangirenji kuchipatala?

Chifukwa kukhala bwinobwino si umboni woti kachilombo mulibe. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba pakapita mwezi umodzi mpaka itatu, nthawi zina msanga, nthawi zina mochedwerapo. Nthawi yonseyi kachilombo kamakhala kali pa ulendo, kutsata minyewa yotumiza mauthenga m'thupi kuchokera pa bala kupita ku ubongo. Wolumidwa kumaso kapena pakhosi ali pa ngozi yaikulu kuposa wolumidwa kuphazi, poti ulendowo ndi waufupi. N'chifukwa chake ana, amene galu amawafikira kumutu mosavuta, ndiwo amatidetsa nkhawa kwambiri.

Nanga thupi silizindikira kuti mwalowa mdani?

Thupi lili ndi njira yodzitetezera: selo (kachigawo kakang'onong'ono mwa tizigawo topanga thupi) likalowedwa ndi kachilombo, limadzipha lokha mwadongosolo kuti kachilomboko kasowe poswanirana. Mavairasi ambiri amawononga maselo mowonekera, munthu n'kudwala msanga. Chiwewe chimachita zosiyana.

Kachilombo kake kali ndi mapuloteni asanu okha: N, P, M, G ndi L. Puloteni ya G ndi timinga timene tili pa chikuto chake, ndipo nditimene kamagwirira selo la mnyewa n'kulowa. Ofufuza anapeza kuti mitundu ya kachilomboka yofooketsedwa mu labotale imapanga G wambiri, ndipo maselo amene yalowamo amadzipha msanga, chitetezo cha m'thupi n'kudzidzimuka. Koma mtundu woopsa, uja umachokera m'malovu a galu, umapanga G wochepa ndipo selo umalisiya lamoyo. Munthu saboola bwato limene wakwera: mnyewa ukafa, ulendo wa ku ubongo wathera pomwepo. Pa kafukufuku wa mbewa zinaonekanso kuti amene amafa ndi asilikali a m'thupi olowa mu ubongo kukamenya nkhondo, maselo a minyewa ali chikhalire. Ngakhale ubongo wa munthu wofa ndi chiwewe ukayezedwa, suoneka wowonongeka monga momwe matendawo anaopsera. Maselo amakhala alipo, kungoti asiya kugwira ntchito bwino.

Kutsuka ndi sopo kwa mphindi 15, si kukokomeza?

Ayi. Chikuto chimene timinga ta G timamerapo ndi chamafuta, ndipo sopo amachisungunula. Madzi akhale oyenda, kaya a pampopi, pamjigo kapena othira ndi kapu. Tsabola, phulusa, kapena ubweya wa galu wowotcha, zimene ena amathira pa bala, sizipha kachilombo. Zimangochedwetsa munthu.

Katemera angathandize bwanji kachilombo katalowa kale?

Kuyenda pang'onopang'ono kuja ndiko kumatipatsa mpata. Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira puloteni ya G, n'kupanga zoimata kuti kachilombo kasalowe m'minyewa. Wasayansi Louis Pasteur anayamba kupulumutsa munthu wolumidwa mwa njira imeneyi mu 1885, ku France.

Jakisoni woyamba ndi wa tsiku lomwelo, ena amatsatira pa tsiku la 3 ndi la 7, ndipo ngati pali ena owonjezera achipatala akulemberani m'buku. Ambiri amasiyira panjira bala likapola, kapena ndalama yoyendera kupita ku Salima boma ikavuta. Vuto la ndalama ndi lenileni, koma jakisoni mmodzi sakwanira. Amayi oyembekezera ndi makanda nawonso amabayidwa. Pa mabala akuya palinso mankhwala ena obaya pa bala penipeni, otchedwa immunoglobulin. Funsani ngati alipo.

Galu amene waluma timuphe?

Ngati ndi wodziwika ndipo angamangidwe popanda ngozi, mmangeni ndipo dziwitsani alangizi a ziweto. Amamuyang'anira masiku 10: galu amene anali ndi kachilombo m'malovu pa tsiku lolumalo amadwala kapena kufa masikuwo asanathe. Koma wolumidwa asadikire masiku 10 ali kunyumba, katemera ayambiretu. Galu akafa kapena akaphedwa, musagwire mutu wake ndi manja. A zaziweto ndiwo amatenga ubongo kuti ukayezedwe.

Zizindikiro zikayamba?

Munthu akayamba kuopa madzi, kusokonezeka ndi kutuluka dovu, palibe mankhwala ochiritsa. Pafupifupi onse amafa. Apititseni kuchipatala ndithu kuti akachepetse ululu, ndiponso kuti amene akhudzana ndi malovu awo aunikidwe.

Bwanji kuvutitsa eni agalu, m'malo mongobaya anthu?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti pafupifupi anthu 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ndipo mpaka 99 mwa 100 alionse amachitenga kwa galu. Agalu 70 mwa 100 a m'dera akabayidwa, kachilomboka kamasowa kolowera. Mayiko akufuna kuti pofika 2030 pasakhalenso wofa ndi chiwewe cha agalu, ndipo 28 September ndi tsiku lokumbutsana za matendawa. Zoti katemera amafoola galu wosaka kapena wolondera n'zabodza. Alangizi akalengeza malo obayira, tengani agalu onse, ndi tiana tomwe, amphaka osawasiya, ndipo chikalata chimene akupatseni muchisunge, chifukwa galu wanu akadzaluma mwana wa mnzanu adzachifunsa.